Miyendo ya Tamanda

Nabvutika, Chipata
6 Malichi 2023

Akulu anga amake Kondwani,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu a Yakobo ndi ana. Nanga amai agona bwanji masiku ano? Dzanja lija layamba kugwira kapu? Kuno tili bwino, Tamiwe chabe ndiye anali ndi chimfine koma wachira.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni ya alamu sitilankhula momasuka, ndiponso mawu amangodukaduka. Emma akamabwera kudzagulitsa tomato ku msika wa Kapata ndizimupatsira makalata, inunso muzitero.

Pepani kuti Loweruka sindinaoneke monga ndinalonjezera. Ndikuuzeni zoona, koma musaseke. Ndinayamba kuthamanga. Inde, ine Tamanda yemwe munkamutcha kathumba ka nshawa! Zinayamba mu Novembala, mutu utandivuta tsiku ndi tsiku. Ana makumi asanu ndi atatu m'kalasi imodzi, akulu. Ndikaweruka ndinkangokalipira aliyense, ngakhale Tamiwe wosalakwa. Anesi ku kiliniki anati magazi akwera, ndiyambe kuyenda m'mawa. Ndinayenda masabata angapo, kenaka ndinakumana ndi gulu la anthu othamanga, nandikoka.

Timakumana 5 koloko m'mawa Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka. Zovala ndimasitiratu madzulo, makope a ana ndimachongera kusukulu komweko pa buleki. Ndikabwerako ndimasamba msangamsanga, ndikonze Tamiwe, ndiwathirire tiyi atate ake, 7 koloko ndili m'kalasi. Loweruka ndiye timapita kutali, mpaka msewu wa ku Mfuwe, ndipo pobwerako miyendo imakhala ngati yobwereka. Pamene ndichape ndi kuphika, dzuwa lapendeka, ulendo wa kwathu ku Chiparamba wafa.

Mu Julayi kuli mpikisano wa makilomita 21. Ndalembetsa. Ukangopita umenewu Maloweruka onse adzakhala a amai. Mutu unaleka kuwawa, akulu, ndipo ndimaseka m'kalasi. Ndinaganiza kuti pa anthu onse inu ndinu mungandimvetse.

Ndatumiza sopo, mafuta odzola a amai ndi shuga. Mundiuze china chimene chikusoweka.

Ine mng'ono wanu,
Tamanda


Chiparamba
14 Malichi

Tamanda,

Moni. Kalata yako ndalandira, sopo ndi shuga zafika. Zikomo.

Wafunsa za amai. Dzanja silinagwire kapu. Mwendo nawonso uli chimodzimodzi kuyambira tsiku lija anagwa pakhomo mu Okutobala. Ndimawatembenuza, ndimawasambitsa, ndimawanyamula kupita nawo kuchimbudzi. Pamsana patuluka kachilonda. Loweruka anandiuza kuti ndiwakhazike pakhonde kuyambira m'mawa, maso kumsewu. Minibasi iliyonse ikaima ankati, “Ndi ameneyo.” Dzuwa litawatentha ndinawalowetsa akukana.

Sindinaseke ayi. Ndinangodabwa kuti m'tauni mphamvu zimatsala mpaka munthu kudzuka kukazitaya pamsewu. Kuno nafenso timadzuka 5 koloko. Ndimapita kumjigo kanayi, chidebe pamutu, china kumanja. Ndikachoka apo ndi kumunda wa thonje, kupopera mankhwala, thanki kumsana, chifukwa alamu ako chifuwa sichiwalola. Makilomita ake sindinawawerenge, palibe amene anandipatsa wotchi. Ngati anesi ako akufuna munthu achepe thupi, umuuze abwere adzapalire nshawa sabata imodzi.

Wati ine ndingakumvetse. Chifukwa chiyani ine? Za kuthamanga ndinaziiwala kalekale, usandikumbutse.

Emma akuti anakuona pamsewu utavala buluku lothina ngati khungu, matako onse poyera, uli pakati pa amuna. Wauza mudzi wonse. Amake Andireya anandifunsa kutchalitchi ngati kusukulu anakuchotsa ntchito. Ine ndinasowa poyang'ana. Ndiwe mphunzitsi, ndiwe mkazi wa mwini, ndiwe mai wa mwana. Kodi chitenje chinakulakwira chiyani?

Chimene chikusoweka kuno si sopo. Koma poti wafunsa, tumiza mankhwala opaka pachilonda.

Mkulu wako,
Tiyamike


Nabvutika
2 Epulo

Akulu anga,

Moni nonse kumeneko. Mankhwala aja mwalandira? Muziwapaka kawiri pa tsiku, pachilonda pakhale pouma.

Kalata yanu inandiseketsa pena, pena inandiluma. Ndikudziwa kuti mwatopa. Pa Pasaka ndibwera, ndidzakulandirani ntchito tsiku lonse, inu mudzangokhala pamphasa.

Za buluku musade nkhawa, pamwamba ndimavala kasiketi. Ndipo sindili ndekha mkazi, tilipo anayi. Emmayo akadzakuuzaninso za Loweruka la sabata yatha ija, mumve kwa ine kaye. Tili pamsewu wa ku Mfuwe mnofu wa katumba unandikokana, ndinagwa pansi ndikulira ngati mbuzi. Anzanga asanu ndi mmodzi amene ndinali nawo anaima onse. A Shepherd, amene amatitsogolera, anagwada n'kundiwongola mwendo, akazi awo atandigwira mapewa. Nthawi yomweyo galimoto ya tomato inadutsa, Emma ali pamwamba pa mabokosi, maso ali tong'o! Ndinadziwiratu kuti nkhaniyi ifika ku Chiparamba ine ndisanadzuke pansipo.

Koma nkhani yabwino ndi iyi. Dzulo tinali ndi kampikisano ka makilomita khumi, ndipo pa akazi a msinkhu wanga ndinakhala wachitatu! Anandiveka mendulo. Chakumapeto mpweya unandithera, ndinafuna kuima, koma ndinakumbukira mmene inu munkaponyera miyendo pabwalo la sukulu, mutu uli chilili, ndipo ndinayesa kutengera. Ndaika chithunzi m'kalatamu. Muwaonetse amai, mwina asangalala.

Mundilembere za thonje, laphuka bwanji chaka chino?

Tamanda


Nabvutika, Chipata
20 Epulo 2023

Okondedwa Alamu,

Choyamba ndipereke moni kwa inu, kwa a Yakobo ndi kwa apongozi anga amene tikuwakumbukira m'mapemphero. Ine ndi Enoch, atate ake a Tamiwe. Sindinakulemberenipo kalata, ndipo ndikupempha kuti iyi ikhale ya pakati pa inu ndi ine.

Nkhani ndi ya mng'ono wanu. Poyamba ndinavomera za kuthamangazi chifukwa zinali za chipatala. Tsopano zakula kuposa nyumba. Ndikadzuka ndimapeza pabedi palibe munthu, tiyi ali mufulasiki ngati ndili kulodji. Sukulu atsekera, ndinayesa kuti tipumako, koma ndiye wawonjezera masiku. Pa tebulo nkhani ndi imodzi: makilomita, nsapato, a Shepherd anati chakuti, a Shepherd anati tizidya chakuti. Ku ofesi anzanga amandifunsa kuti, “Bwana, akazi anu tawaona ku Kanjala mbandakucha, inu munali kuti?” Ndimaseka nawo, koma m'kati simuseka.

Sindikunena kuti wachita choipa. Nyumba ndi yosesa, mwana ndi wosamba. Koma akabwerako kumeneko nkhope yake imawala mwa mtundu wina, kuwala kumene ine ndakhala naye zaka khumi ndi ziwiri sindinakuonepo. Ndikamufunsa amati, “Tiyeni limodzi.” Ine ndi mimba yangayi ndikathamange pamaso pa anyamata?

Mutu ukakula sulewa nkhonya, alamu. Inu ndinu mkulu wake, amai akudwala, ndilibe kwina kodandaula. Mulankhuleni. Ndipo ngati pali chimene mukudziwa chimene ine sindikudziwa, musandibisire.

Ine mlamu wanu,
Enoch


Chiparamba
25 Epulo

Alamu,

Moni, tili bwino, amai ali chimodzimodzi. Kalata yanu yandimvetsa chisoni.

Kulankhula ndinalankhula, koma Tamanda masiku ano samva za munthu wa kumudzi. Pa Pasaka anafika 10 koloko, 3 koloko anali atanyamuka, akuti mawa lake ali ndi ulendo wautali wa miyendo. Amai anakhomeretsa chithunzi chake cha mendulo pakhoma pamwamba pa bedi lawo. Aliyense wobwera kudzazonda matenda amayamba waonetsedwa chimenecho. Ine ndimachipukuta fumbi ndikamaliza kuchapa zofunda zawo.

Mwati ndisakubisireni. Ine sindikonda kulowa m'nyumba za eni, koma ndinu mwafunsa. Mwezi wathawu munthu wa kuno, amene sanama, anadutsa pamsewu wa ku Mfuwe dzuwa lisanatuluke bwino. Anaona Tamanda atagona m'mphepete mwa msewu, mwamuna atagwada, mwendo wa Tamanda uli m'manja mwake, akuusisita. Mwamunayo ndamva kuti ndi Shepherd yemweyo. Zimene ndikudziwa ndi zomwezo. Ngati iye sanakuuzeni, mudzifunse chifukwa chake.

Ine ndikanakhala mwamuna sindikanadikira kuti ndimve kachiwiri.

Musanditchule.

Amake Kondwani


Nabvutika
8 Meyi

Akulu,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino.

Ndasiya kuthamanga. Kuyambira Loweruka lino ndizibwera sabata iliyonse ndi minibasi yoyamba, ndizibwerera ndi yomaliza. Zofunda za amai musachape Lachisanu, muzindisungira. Ngati thonje layamba kutoledwa, Loweruka muzipita kumunda osadera nkhawa za kunyumba.

Sukulu tatsegulira lero. Ndilibe zambiri.

Tamanda


Nabvutika, Chipata
19 Juni 2023

Okondedwa Alamu,

Moni kwa inu nonse. Pepani kuti sindinayankhe msanga kalata yanu ija. Ndinkafuna ndikuthokozeni, koma tsiku lililonse ndikatenga cholembera kuthokozako kunkachepa, mpaka lero sindikudziwa ngati kulipo.

Ndikuuzeni zimene ndinachita. Loweruka lotsatira ndinadzuka pambuyo pake n'kumutsatira kumene amakumana. Panali anthu oposa makumi awiri, ena makolo a ana ake a kusukulu. Ndinamugwira Shepherd pa malaya n'kumufunsa mokweza ngati anaperekapo ng'ombe kuti azisisita miyendo ya mkazi wanga. Ndinanenanso mawu ena amene sindingawalembe pano, ine mkulu wa mpingo. Munthuyo sanandibwezere. Amene anandiyankha ndi akazi ake. Anati, “Bambo, tsiku limenelo ine ndinagwira mapewa a akazi anu, amuna anga anagwira mwendo. Mukadzagwa inu tidzachitanso chimodzimodzi.” Anthu ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Tamanda anatembenuka n'kuyenda wapansi kubwerera kunyumba, ine ndili pambuyo ngati mwana wothamangitsidwa kusukulu.

Ndinapeza chimene ndinkafuna. Ndikadzuka ali pomwepo. Tiyi amathira yekha m'kapu. Koma alamu, m'nyumba muno muli zii ngati mwatuluka maliro. Akandiyankha ndi “inde” kapena “ayi.” Mutu unayambiranso, amamanga kansalu pachipumi akamachonga makope. Sabata yatha anamukalipira Tamiwe chifukwa chotaya madzi pang'ono, mwana mpaka anakabisala kuseri kwa chitseko. Ahedi akenso anamuitana, akuti anaponya dasitala m'kalasi, mwamwayi silinagunde mwana. Kukiliniki akuti magazi akweranso kuposa poyamba, amupatsa mapiritsi.

Ndinamuuza kuti ngati akufuna abwerere. Anandifunsa kuti, “Ndibwerere ndi nkhope iti?”

Kodi munthu wanu uja sanaone kuti panali anthu ena? Sindikukuimbani mlandu, wolakwa ndine amene ndinathamangira kuchita ndisanafunse. Koma Loweruka akabwera kumeneko, mumuone bwino. Mwina kwa inu amalankhula.

Enoch


Chiparamba
9 Julayi

Tamanda mng'ono wanga,

Moni. Udabwa kuti ndikukulembera pamene dzulo lomweli tinali limodzi. Dzulo ndinatsegula pakamwa katatu, mawu anakana. Pepala silindiyang'ana m'maso, ndiye ndilembe.

Utanyamuka, Kondwani anabwera kuchokera m'tauni kumene anakagula matumba, nati misewu inali yotseka m'mawa chifukwa cha anthu othamanga. Apo mpamene ndinazindikira kuti dzulo linali tsiku la mpikisano wako. Iwe unali kuseri kwa nyumba ukuchapa bulangete la mikodzo, m'madzi ozizira, osautchula n'komwe. Ndinakhala pansi pakhonde.

Amene anauza alamu a Enoch za Shepherd ndine. Sindinaname liwu ngakhale limodzi, koma ndinachotsa akazi ake, ndinachotsa anzako asanu ndi mmodzi, ndinachotsa kukokana kwa mnofu, ngakhale kalata yako inali pambali panga ndikulemba. Ndinadziwa chimene ndikuchita.

Ndinkadziuza kuti ndikuchitira amai. Si zoona. Kutopa kunalipo, koma chimene chinandidya ndi china. Iwe unali ndi zaka khumi, mwina sukumbuka bwino. Chaka chimene ndinali giredi 9 ndinapambana pothamanga atsikana onse a masukulu a boma lino, wopanda nsapato. Iwe unandisungira chitenje kunja kwa bwalo, ukudya nzimbe. Aphunzitsi anabwera kunyumba kudzapempha atate kuti ndipite ku Lusaka ndi timu ya chigawo. Atate anati thonje lapsa, ndani atole? Amai anali pomwepo, sananene kanthu. Basi inanyamuka Lachinayi, ine ndili m'munda ndi thumba m'chiuno. Anapita ndi mtsikana amene ndinamusiya kutali ndithu. Chaka chotsatira ndinali ndi mimba ya Kondwani. Iwe unapitiriza sukulu chifukwa kumunda kunali ine.

Sukulu sindinakuchitire nsanje, mutu unali nawo ndiwe. Nyumba ya malata, ntchito, mwamuna wa tayi, zonsezo ndinati ndi zako, Mulungu anagawa. Ine ndinali ndi changa chimodzi. Ndikamasenza madzi ndinkadziuza kuti pabanja pano wothamanga ndine, akanandilola bwenzi ndili kutali. Ndiye iwe, kathumba ka nshawa, wadzuka tsiku lina uli ndi zaka makumi atatu ndi zinayi n'kutenganso chimenecho, ngati munthu wotola chipatso panjira. Amai amene sanatsegule pakamwa tsiku lija anakhomeretsa chithunzi chako pakhoma. Za ine palibe chithunzi, palibe pepala. Ndikafa ine, palibe adzadziwe kuti ndinathamangapo.

Maloweruka awiri oyamba ndinakondwa, ndisakunamize. Ndinati aone nayenso. Koma ndakuona ukufota sabata ndi sabata, ndipo kwa ine sikunabwere kanthu. Miyendo yanga ndi yomweyi, yotupa m'mawondo.

Sindikudziwa ngati zimenezi zimakhululukidwa. Kwa abambo mfumu ndinakalapa, koma iwo si amene ndinawalakwira. Ukafuna ndipite ndekha kwa a Shepherd ndi akazi awo ndikagwade, ndipita. Undiyankhe, ngakhale ndi chipongwe.

Mkulu wako,
Tiyamike


Nabvutika
24 Julayi

Akulu,

Moni. Maloweruka awiri sindinabwere, ndipo sindipepesa. Ndinafuna nthawi. Ndamva kwa Emma kuti amai ali bwino.

Zimene mwandiuza ndinkazidziwa. Tsiku lija anakachita phokoso kugulu, titafika kunyumba ndinawafunsa atate ake a Tamiwe kuti anamva kwa yani. Anakana kunena, koma pochapa jekete lawo ndinapeza kalata m'thumba. Ndani sadziwa kalembedwe ka mkulu wake? Ndinu munandiphunzitsa kulemba dzina langa pamchenga.

Maloweruka asanu ndi anayi ndakhala ndikubwera, ndikuchapa, ndikukuyang'anani mukundithirira madzi m'beseni, ndikudikira kuti munene. Tsiku lina munandifunsa ngati ndikufuna mbatata yootcha, ndinatsala pang'ono kukuponyerani beseni. Mwamuna kuchita nsanje ndi mwamuna mnzake ndinazimvetsa, ndi uchitsiru wodziwika. Koma inu ndinakuuzani nkhani ija ndikuseka, monga munthu amauzira mkulu wake, ndipo munaitenga n'kuinola.

Mwati sindikumbuka. Ndikukumbuka zonse. Ndinataya nzimbe ija ndikukuwa dzina lanu mpaka mawu anatha. Ku gulu kuja aliyense ankadziwa kuti ndili ndi mkulu wanga Tiyamike amene anapambana boma lonse wopanda nsapato, chifukwa ndinkawatopetsa nayo nkhaniyi. Sindinakubereni kanthu, akulu. Ndinkayesa kuti ndikukutsatirani.

Nanenso ndili ndi changa choti ndilape. Mpikisano sunali chifukwa chokha chimene ndinkalephera kubwera. Ndinkaopa kuona amai ali chonchija, pakamwa popotoka, akunyamulidwa ngati mwana. Pamsewu ndinkaiwala. Ndinakusiyirani mtolo wonse n'kumatumiza sopo, ndipo ndinkadziwa kuti sopo sanyamula munthu. Chimenecho ndinalakwa, ndipo simunachite kundinamizira.

Kwa a Shepherd musapite. Anapita kale atate ake a Tamiwe okha, atavala jekete la kutchalitchi, ndipo anawalandira. Kugulu sindinabwerere, mwina chaka chamawa. Koma Lachinayi lapitali ndinadzuka n'kuzungulira bwalo la sukulu ndekha kasanu. Ndinapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo. Pobwera ndinapeza abambo aja atakonza okha tiyi, wopanda shuga, ataiwala.

Tsopano mverani. Sukulu tikutsekera pa 4 Ogasiti. Loweruka pa 5 ndibwera ndi galimoto kudzatenga amai, akhale kuno mwezi wonse wa holide. Tagwirizana kale, chipinda cha Tamiwe takonza, ndipo kuchipatala kuli anthu owongola ziwalo amene angawaone. Mu Disembala tidzateronso. Mwezi umenewu ndi wanu, muchite nawo chimene mufuna.

Koma inu musakwere nafe. Ndikudziwa kuti mudzafuna kuwaperekeza. Sindinafike poti ndikhale nanu mpando umodzi ulendo wonse. Sindikunena kuti sindidzafika. Tidzaonana powabweza.

Tamanda


Chiparamba
5 Ogasiti

Tamanda,

Moni. Kalatayi ndaiika m'chikwama cha amai pamwamba pa zitenje kuti uione ukangotsegula. Zonse wanena ndamva, ndipo sindikwera.

Phala amadya la nshawa, losalimba, uziwapatsira mbali ya kumanzere kwa kamwa chifukwa kumanja limatayika. Usawafulumize, akatsamwa amachita manyazi n'kukana kudya tsiku lonse. Powanyamula uike dzanja lako kunsi kwa phewa lodwalalo, usakoke mkono. Chilonda chinapola koma khungu ndi lofewa, asagonere mbali imodzi nthawi yaitali. Akati sakufuna kuchimbudzi, udikire pang'ono uwafunsenso. Alamu asawaone akusamba, angalire. Korona yawo yopempherera ili m'kathumba ka m'mbali, sagona popanda kuigwira.

Ukadzuka kupita kubwalo lako, uyambe wawatembenuza, ukatero agona mpaka ubwere. Ola limodzi amapirira bwinobwino. Usaleke chifukwa cha iwo.

Chomaliza, chimene sindinakuuzepo. Kuyambira pamene anagwa, masiku ambiri ndikamawasambitsa amanditcha Tamanda. Amati, “Zikomo Tamanda mwana wanga, manja ako ndi ofewa.” Poyamba ndinkawakonza, kenaka ndinaleka, ndimangovomera. Kumeneko mwina adzakutcha Tiyamike. Usawakonze. Nawenso ungovomera.

Mkulu wako,
Tiyamike